Nyimbo Yomwe Inalowa M'katuni

Mlongo wake wa Telala sanamupatse mpando mlendo amene anabwera kudzafunsira Telalayo. Anamusiya chiimire pabwalo, pakati pa mafelemu a mawindo amene ankawotcherera, dzuwa likumuwomba pamutu.

"Ndiye ndinu amene mumalira ngati bakha?"

"Ndimaika mawu m'makatuni, achimwene."

"Sindine mchimwene wanu. Ndafunsa kuti bakha amene akulira m'mafoni mwa anthuyu ndinu?"

"Ndine."

Dzina lenileni la mlendoyo anthu anali ataliiwala. Msewu wonse unkangoti Abakha. M'kachipinda kake ka kuseri kwa saluni ankatenga katuni ina yakunja, ya kamwana ka bakha kosocherasochera, n'kuchotsamo mawu achilendo n'kuikamo ake. Mawu a Kabakha anali ake, a mayi a Kabakha anali ake, ngakhale a bambo ake aukali aja. Sankamasulira ayi, chinenero chawocho sankachimva n'komwe. Ankangoyang'ana milomo ya zidolezo n'kuziyankhulitsa zimene wamva m'minibasi, pamsika ndi m'makonde mwa anthu. Makutu ake ankatola chilichonse.

Telala anali ataima pakhomo, tepi yoyezera ili m'khosi. Anafika panyumba ya mlongo wakeyo chaka chatha, ali ndi mwana wamkazi, chikwama chimodzi ndi dzino lakutsogolo lobenthuka. Mwamuna wake, dalaivala wa thiraki, sankadziwa kumene mkazi wakeyo analowera. Telalayo nambala ya foni anasintha, zithunzi anafufuta, kutchalitchi ankakhala mzere wakumbuyo.

"Tamverani kuno," anatero mlongo wakeyo, akuvula magalasi ake akuda owotcherera. "Chemwali wangayu anathawa chilombo. Sindinamubise kuti adzathere m'manja mwa chidole. Inu ntchito yanu ndi yofalitsa. Uyu ndi wobisala. Mukhala bwanji nyumba imodzi?"

"Sindinawajambulepo. Dzina lawo sindinalitchulepo paliponse. Ngakhale la mwana."

"Munthu wa ndevu, kutsina mphuno n'kumati kwaa kwaa. Mwana akadzafunsidwa kusukulu kuti bambo ako amatani, adzati chiyani?"

"Adzati samenya munthu," anatero Telala chapansipansi.

Mlongo wakeyo anabwezera magalasi kumaso.

"Tsiku limene chinthu cha m'nyumba muno chidzatuluke pageti ili kudzera mwa inu, bambo, ndidzamukweza basi ine ndemwe, ndipo simudzadziwa kumene wapita. Mwamva?"

"Ndamva. Palibe chimene chidzatuluke."

Abakha ankanena ndi mtima woyera. Anthu a mtima woyera ndi amene amasiya geti losatseka.

* * *

Tsiku limene gawo latsopano la Kabakha linkatuluka, saluni inkadzaza masana. Ana ankakhala pansi kutsogolo, koma ochuluka anali akuluakulu, ena atavala mayunifomu. Mwini saluniyo, mayi wa zikhadabo zazitali amene anthu ankangoti Wasaluni, ndiye ankayendetsa gulu la pafoni la okonda Kabakha. Ndiye ankatumiza magawo, ndiye ankalowetsa anthu, ndiyenso ankabweretsera Abakha tiyi popanda kupemphedwa.

Telala anali asanapondeko. Tsikulo Abakha anamuchonderera kuti abwere, akuti pali chinthu chimene wamukonzera. Anabwera yekha, n'kuima pafupi ndi chitseko.

"Taonani amene watiyendera," anatero Wasaluni. "Lowani, amayi, sitiluma. Kapena kwanu zidole n'zoletsedwa?"

"Ndili bwino pompano."

"Ine akazi anga amati ndapenga," anatero mlonda wina wa pasitolo, chipewa chili pabondo. "Koma ndimawauza kuti mmenemu munthu akagwa kuchokera padenga amadzuka n'kusasa fumbi. Kunja kuno ukangogwa pampando, abale amayamba kuyang'ana nsapato zako kuti ziwakwana."

Anthu anaseka. Namwino amene ankamangitsa tsitsi sanaseke.

"Ine si za kugwazo," anatero. "Bambo a Kabakha akakalipa, gawo lisanathe amabwera kudzati pepa. Bambo anga anapita kumanda mawu amenewo asanawatchulepo, ngakhale kwa galu amene amuponda mchira. Ndikamva bakha uja akupepesa, ndimachita ngati akuuza ine."

"Ndiye mumalira?"

"Ndimanena kuti ndi mankhwala a tsitsi alowa m'maso."

"Ine ndimaonera mawu," anatero Wasaluni, akuyang'ana Abakha. "Mwamuna amene angakuyankhule ndi mawu osiyanasiyana sangakutopetse."

Anayatsa TV. Kabakha anali atagwera m'matope, nthenga zitapotana. Mayi ake anamukhazika pakati pa miyendo, n'kutenga chipeso. Kabakha anafuna kuthawa. Ndipo mayi akewo anayamba kuimba ndi mawu aja a Abakha, ofewa ngati a mzimayi:

*Khala phee, kanjinga kanga,*
*msewu ndi wautali.*
*Ukathawa ndikupeza,*
*matayala anga ndi ambiri.*

Kabakha anayankha, "Pii-pii," ngati hutala, n'kukhala phee.

Saluni yonse inafa ndi phwete. Bakha wa matayala. Mlonda anapukuta misozi ndi chipewa. Ana anayamba kale kubwereza kuti pii-pii.

Abakha anatembenuka akumwetulira kuti aone nkhope ya Telala. Pachitseko panalibe munthu.

* * *

Anamupeza m'kanjira ka kuseri, pamene amataya madzi otsukira tsitsi. Anali atatsamira khoma.

"Mwaitenga kuti?"

"Pakhonde panu. Tsiku lija mumapesa mwana ine ndikudikira malaya anga. Inandikoma kwambiri. Ndimati ndikudabwitseni, mwana akadzaimva aziti Kabakha akuimba nyimbo ya amayi."

"Ya amayi." Telala anaseka kuseka kopanda mano. "Ine ndili ndi matayala?"



"Anaipeka ndi iyeyo," anatero Telala. "Bambo ake a mwanayu. Mwana ali wamng'ono ankathawa chipeso, ndiye iye ankamugwira n'kumamuimbira. Mpaka lero sakhala pansi ndikapanda kuiimba. Ndimaiimba mano ali gwa, koma ndimaiimba. Dziko lonse lapansi, amene amaidziwa tinali atatu."

"Sindimadziwa."

"Simunafunse."

"Koma munthu woteroyo angaonere makatuni? Dalaivala wa thiraki?"

Telala anamuyang'ana ngati mmene umayang'anira munthu amene sanaonepo kanthu.

"Kabakha ameneyu ine ndinamudziwira kwa iye, asanakhale ndi mawu anuwa. Ankabwera naye pa kamemore ka m'foni kuchokera kumaulendo. Ankandimenya m'mawa, masana n'kukhala pamkeka ndi mwana kuonera. Kabakha akasochera, bambo wamkulu uja misozi chuchuchu. Akapezeka, ankandiitana kuti, bwera uone, wabwerera. Onse amabwerera, ankatero. Mukuganiza kuti amene amakonda zinthu zofewa ndi anthu ofewa okhaokha?"

M'saluni ana anali akuimbabe.

"Gawolo lapita kale pagulu?" anafunsa Telala.

"M'mawa."

"Ndiye lili kale m'mathiraki. Amapatsirana podikira kuwoloka malire, ndikuwadziwa."

"Ndilifufutitsa. Pompano."

"Achimwene akamva, andikweza basi. Mwamva nokha."

"Ndiye tisawauze kaye."

"Taonani," anatero Telala. "Dzulo munali munthu wosabisa kanthu. Lero mwayamba kundiphunzitsa kubisa."

Anafunyulula tepi yoyezera imene anali ataikulunga kudzanja mpaka zala kutupa, n'kumapita osacheuka.

* * *

Anthu atabalalika, Abakha anapeza Wasaluni akusesa tsitsi.

"Gawo la leroli mulichotse pagulu."

"Chifukwa?"

"Mawu sanamveke bwino."

"Amveka bwino kuposa magawo onse. Anthu akulitumiza kwa abale awo kutali. Wina walipanga kale kukhala kulira kwa foni." Anaimika tsache. "Kapena amene sanamve bwino ndi amayi osoka aja? Atuluka ngati aona njoka."

"Si nkhani yanu."

"Chipinda mukugwiriracho ndi changa. Magetsi ndi anga. Gulu ndinayambitsa ndine, pamene munkaimbira makoma nokha. Tiyi amene mumamwa muziti amagwa kumwamba. Koma nkhani si yanga."

"Chonde, asisi."

"Asisi," anabwereza Wasaluni. "Ndine asisi tsopano."

Anatulutsa foni m'thumba la epuloni n'kuyendetsa chikhadabo pagalasi.

"Ndingachotse, koma lili kale m'mafoni mwa anthu amene sindikuwadziwa. Taonani uyu. Walowa masana ano, wamulowetsa ndi mnzake. Pachithunzi chake waika Kabakha."

Anamuonetsa uthengawo. Unali wolembedwa mwaulemu, wopanda cholakwika.

*Moni nonse a m'banja la Kabakha. Ine ndimayenda maulendo ataliatali, ndipo katuni imeneyi ndiyo imandisunga. Nyimbo ya lero yandiliza. M'bale amene waiimbayo amapezeka kuti? Ndikufuna ndimugwire chanza.*

Pansi pake anthu anali ataikapo mitima yofiira.

"Musamuyankhe," anatero Abakha.

"Sindinamuyankhe." Wasaluni anabwezera foni m'thumba. "Mwatuwa bwanji? Munthu akufuna kukuthokozani, inu mukuchita ngati wakufunsani za maliro. Mayi ujatu sindimamumvetsa. Mwana ali naye, mphete alibe, kumene anachokera sanena. Alipo amene akumufuna?"

"Ndati musamuyankhe."

"Bwerani kunyumba Lamlungu mudzadye. Mudzandifotokozere bwinobwino, ndione ngati ndingaiwale kuyankha."

"Lamlungu ndili ndi kopita."

"Chabwino," anatero Wasaluni, n'kuyambanso kusesa. Ankasesa pang'onopang'ono, malo amene anali atasesa kale.

* * *

Masiku anadutsa Telala osayankha foni. Nyimboyo inali ponseponse. Makondakitala ankati pii-pii poitanira anthu. Telala ankatseka mawindo kuti mwana asaimve kumsewu, ndipo mlongo wake akazimitsa makina owotcherera, iye ankatchera khutu poopa kuti wina adutsa akuimba.

Madzulo ena dzuwa lisanalowe, Abakha analemba:

*Sindikupempha kuti mundikhululukire. Pali munthu pagulu akufunsa kumene ndili. Ndikuganiza kuti ndi iyeyo. Ndinalakwa kunena kuti tibise. Achimwene anu adziwe, ngakhale akukwezeni basi. Bola mukhale kutali muli moyo.*

Yankho linachedwa, koma linabwera.

*Ndatopa kuthawa. Mwana wayamba kumene kukhala ndi anzake. Makasitomala ayamba kundidziwa. Ndikakwera basi, ndidzakweranso ina.*

*Ndiye titani?*

*Mawa m'mawa poperekeza mwana kusukulu ndidzera kwanuko. Tikamusiya, tipitire limodzi kwa achimwene. Mukanene ndi pakamwa panu zimene munachita. Akakumenyani ndi chitsulo, muime pomwepo. Mukaima, ndikana kukwera basi.*

*Ndidzaima.*

*Ndi mawu anu enieni. Osati a bakha.*

Abakha anawerenga uthengawo kambirimbiri. Kwa nthawi yoyamba chichokereni m'kanjira kaja, anapuma mpaka pansi pa chifuwa. Anasita malaya amene Telala anamusokera. Munthu akakhululukidwa theka amayamba kuyenda ngati zonse zatha.

* * *

M'mawa anapeza saluni yotsegula kale. Wasaluni anali atadzola milomo.

"Muli ndi mlendo," anatero. "Ndamulowetsa m'chipinda mwanu, panja pamazizira. Munthu waulemu bwanji. Wandibweretsera ndi maapozi."

"Mwamuyankha."

"Ndinaiwala kuiwala."

Mlendoyo anali atakhala pampando wa Abakha, kutsogolo kwa maikolofoni. Anali wamtali, wometa bwino, malaya oyera opinda m'mikono. Patebulo anali ataikapo makiyi, ndipo pamakiyipo pankalendewera kabakha kapulasitiki kofwifwa chifukwa chogwiridwagwiridwa. Anaimirira n'kupereka moni ndi manja awiri.

"Ndiye ndinu. Ndimayesa ndipeza nkhalamba. Khalani, bwana, mpando ndi wanu."

Abakha anakhala pa benchi. Foni anaiika patebulo, ndipo nthawi yomweyo anazindikira kuti walakwitsa.

"Simukudziwa zimene mumatichitira ife a pamsewu," anatero mlendoyo. "Anzanga podikira amaonera za nkhondo, ena za akazi. Ine Kabakha. Amandiseka, koma gawo likayamba amabwera kudzasuzumira paphewa. Mukudziwa chifukwa chake? Mmenemu nyumba siitha. Akangana, aswa mbale, mwana athawa, koma pomaliza onse ali patebulo. Munthu ukakhala kuti nyumba yako inaphwasuka, umafuna uone ina ili chiimire, ngakhale yojambula."

"Zikomo."

"Ine ndinali ndi mwana wamkazi. Ndinali naye, ndili naye, sindikudziwa kuti ndinene bwanji. Mayi ake anapsa mtima pa tinthu ta m'nyumba. Inu mukudziwa, bambo amakalipa, kenako amapepesa. Ine sanandipatse mpata wofika popepesapo. Anazimitsa gawo lili pakati."

Anaseweretsa kabakha kaja ndi chala chachikulu. Zala zake zinali zonenepa, zikhadabo zodula bwino.

"Nyimbo ija munaimva kuti?"

"M'minibasi," anatero Abakha. "Mayi wina ankaimbira mwana. Sindinamuone nkhope. Ine ndimangotola."

"M'minibasi." Mlendoyo anagwedeza mutu ngati wavomereza. "Ankamupesa m'minibasi momwemo?"

Abakha anayang'ana kuchitseko.

"Chifukwa nyimbo ija siimbidwa popanda chipeso. Ndipo inu mwaiika pa chipeso penipeni. Ndi pii-pii yemwe, pamalo pake. Pii-pii ujatu si wa m'nyimbo, bwana. Ndi yankho la mwana wanga. Sayankha choncho pagulu, ndi wamanyazi. Amatero ali pakhomo, pali anthu amene wawazolowera." Anamwetulira. "Malaya okongola. Kolala yotereyi, ya mizere iwiri, ndinali nayo inenso."

"Ndinagula pamsika."

"Inde."

Kuseri kwa khoma, Wasaluni anali atazimitsa wailesi. Tsache silinkamvekanso.

"Bambo," anatero Abakha, ndipo mawu amene anatuluka anali akeake, okhuthala. "Mwandithokoza, ndalandira. Tsopano ndili ndi ntchito. Tiyeni ndikuperekezeni ku thiraki yanu."

"Thiraki ndaisiya kutali. Sindili pachangu."

"Ndiye tiyeni tikamwe tiyi kutsidya kwa msewu."

"Mukufunitsitsa kuti ndichoke m'chipinda muno," anatero mlendoyo mofatsa. "Mukuyang'ana kuchitseko kuyambira pamene munalowa."

Foni inawala patebulo. Abakha anatambasula dzanja, koma dzanja lina lija linafika msanga n'kukhala pamwamba pake, mopepuka, ngati munthu akusisita mwana. Mlendoyo anaitembenuzira kwa iye n'kuwerenga mokweza.

"Singano," anatchula dzina limene Abakha anasungira nambala ya Telala. "Akuti, tafika pakona, tulukani." Anakweza maso. "Singano amayenda ndi ndani m'mawa chonchi?"

Abakha anaimirira. Mlendoyo anaimiriranso, ndipo anapezeka kuti ali pakati pa iye ndi chitseko. Sanakwiye. Maso ake anali atadzaza misozi, yeniyeni, ikutsikira m'masaya ometa bwino aja.

"Musandilande gawo ili, bwana," anatero. "Inu nomwe mumadziwa mmene amathera. Wosochera amabwerera kwawo."

Zenera la kachipindako linali laling'ono, lotchingidwa ndi zitsulo. Abakha analiyang'ana, n'kukoka mpweya wonse umene chifuwa chake chikanatha kunyamula, kuti akuwe dzina lenileni la Telala, limene analumbira kuti sadzalitchula paliponse.

Koma m'kanjira muja munali mutamveka kale tinsapato tasukulu ta mwana wa Telala tikuthamanga patsogolo pa mayi ake. Tinaima pachitseko. Kadzanja kanagogoda, ndipo kamawu kanaitana Abakha mmene kanazolowerera kuyankhira nyimbo yake ija pakhomo.

"Pii-pii."

Mlendoyo anapukuta misozi, n'kugwira chogwirira chitseko.